Tsiku Limene Agogo Anachoka Kumbuyo kwa Atate

Agogo anga aamuna, a Bwanali, akandibwerera m'mutu, chimayamba kundifika ndi fungo la makadi awo: mafuta a usipa, fodya wa m'mphuno ndi thukuta la m'thumba la malaya, zonse zitalowerera m'timapepala tija mpaka tinafewa ngati nsalu yakale. Ankawamanga ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. M'mawa uliwonse mabwato akabwera, usipa tikauyala pa mathandala, nthawi ija ntchentche zimayamba kulira ndipo mchenga umayamba kuotcha kumapazi, iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa mathandala athu ku Chiwanga, n'kutembenuza beseni lobooka kuti likhale tebulo, n'kundiitana ndi chibwano osatsegula pakamwa.

Masewerawo ankawatcha poka. Anawaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, atathawira kumeneko ndi banja, pamene ankaperekera zakumwa pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Azungu ndi amwenye ankasewera pakhonde, iwo ataima kumbuyo ndi thireyi, ndiye ankaona zinthu ziwiri zimene osewerawo sankatha kuziona pamodzi: makadi a munthu ndi nkhope yake. Anaima choncho zaka zambiri osagwirako khadi ngakhale limodzi, mpaka tsiku lina anatola paketi imene mzungu wina anataya chifukwa cha khadi lopindika pakona.

Ndalama sankaikapo. Anali Msilamu wosaphonya swala, ndiye tinkasewera ndi njere za bwemba. Ashehe akamadutsa ankadandaulabe.

"A Bwanali, njuga ndi njuga basi."

"Mukadzaona munthu akugula sopo ndi njere za bwemba, ashehe, mudzandiuze. Ndidzasiya tsiku lomwelo."

Kaseweredwe kake si kovuta. Aliyense amalandira makadi asanu, obisa. Ukaona kuti ako ali bwino umaika njere pakati. Mnzako amaika zofanana, kapena amaonjezera, kapena amagoneka makadi ake pansi n'kutuluka, zimene anaika kale n'kupita. Pomaliza otsalawo amaonetsana, wamakadi amphamvu n'kudya zonse. Koma munthu angathe kudya ndi makadi achabechabe ngati anzake achita mantha n'kutuluka, ndipo angathe kudyedwa ndi makadi abwino ngati wina ali ndi oposa. Ine mbali imeneyi ndi imene inkandipweteka mutu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, nditangosiya sukulu. Ndinasiyira kinta, kalasi yachisanu, nditamenya mnzanga ndi mwendo wa benchi chifukwa ankandiseka ndikamawerenga Chipwitikizi. Mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa nawo, ndipo sindikuunena ngati chinthu chonyadira. Pa beseni paja unkandidyetsa tsiku ndi tsiku. Ndikalandira mafumu atatu, agogo ankagoneka makadi awo nthawi yomweyo, ine n'kudya njere ziwiri zokha. Ndikalandira zinyalala, ndinkakwiya n'kukankhira njere zonse pakati kuti ndiwaopseze, iwo n'kunditsatira mwakachetechete mpaka kundisesa. Tsiku lina ndinamenya beseni ndi phazi, njere n'kumwazika mumchenga mpaka pansi pa thandala.

Sanandikalipire. Anayamba kutola njere imodziimodzi, akuuzira mchenga.

"Mumaona makadi anga inu," ndinatero.

"Makadi ako ndiwaonerenji? Ukapeza mafumu, chala chako chachikulu chakumwendo chimakumba mchenga. Ukapeza zoipa, makutu amayera. Iwe ndiwe nyuzipepala."

"Ndiye ndizitani?"

"Uzituluka. Makadi akakhala ofooka, goneka pansi. Koma iwe sungathe. Umawakonda chifukwa ndi ako."

Chaka chomwecho kunabwera nkhani ya mathandala. A Mussa, patarau, mwini wa maboti atatu a injini, anagwirizana ndi munthu wina wa ku Lichinga amene ankafuna kumanga pensau, nyumba yogona alendo, pagombe pathu. Alendo safuna fungo la usipa. Ndiye mathandala onse a mbali yathu anayenera kusamukira kuseri kwa msewu, kufupi ndi dambo, kumene mphepo siifika ndipo usipa umayamba kuola usanaume. Amayi anali ndi mathandala anayi. Bwato la atate linali lakale, khoka lawo la zigamba zokhazokha, ndiye kunena zoona pakhomo pathu tinkadya za mathandala a amayi. Koma kusamutsako sikukanatheka popanda komiti ya pagombe kuvomera, ndipo mpando wa pulezidenti wa komitiyo unali pa chisankho mwezi wotsatira.

A Mussa anaima. A Barnaba anaimanso, mkulu wa kutchalitchi, wa abale ambiri ochokera ku Likoma, munthu woyankhula osamaliza. A Barnaba ndi agogo sankapatsana moni. Pobwera ku Malawi nkhondo itatha, agogo anapeza munda wawo wa chinangwa ukulimidwa ndi a Barnaba, ndipo mundawo sunabwerere. Akakumana panjira, wina ankayang'ana kunyanja, wina kuphiri. Wachitatu kuima anali atate anga, a Saidi, mwana woyamba wa agogo.

Atate anali munthu woona mtima, ndipo pa nkhani ya mathandala ankayankhula bwino kuposa onsewo. Ine ndinkawatsatira paliponse. Ndinamenyana kawiri m'sabata imodzi ndi anyamata a m'maboti a a Mussa, ndipo dzino langa lakutsogolo ili losweka ndi la nthawi imeneyo.

Tsiku lina masana a Mussa anabwera kunyumba kwathu pa njinga yamoto, atanyamula mapaketi atatu a shuga ndi masamba a tiyi.

"Achimwene, anthu obwera kudzamva mfundo zanu azimwako tiyi. Musabwerere m'mbuyo. Mpikisano umakoma ukakhala wa amuna enieni."

Atapita, atate anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamuona, ababa? Akundiopa ameneyu."

Agogo anali pakhonde, akusenda chinangwa chophika. Sanadzutse mutu.

"Munthu amene akukuopa sakugulira shuga, Saidi. Akufuna ukhalebe pa tebulo. Anthu ako ndi a Barnaba akakhala pamodzi amugwetsa, akagawanika adutsa pakati. Tuluka."

"Nditulukire Barnaba? Wakuba munda wanu uja? Inu nomwe simumupatsa moni."

"Moni ndi nkhani ina."

"Anthu ake abwere kwa ine, ngati nkhani ndi imeneyo."

"Sangabwere. Ndi apachibale ndi apatchalitchi, adzaima pamene waima iye ngakhale kugwe mvula ya miyala. Amene angasunthe ndi athu."

Atate anamenya chitseko n'kutuluka. Mtima wangawu ndikudziwa kumene ndinautenga. Kuyambira tsikulo agogo sanatchulenso za kutuluka. Ankayenda ndi atate m'makomo, ankamwa tiyi wa shuga wa a Mussa pamodzi ndi alendo, ndipo munthu akawafunsa pagombe ankati, "Mwana ndi wanga, ndikaima kuti?" Pa beseni paja anasiya kugawa makadi. Ankangounjika njere za bwemba milu itatu, n'kumachotsa imodzi apa kuika apo, milomo ikugwedera. Ine ndinkayesa ndi masewera atsopano amene sanafune kundiphunzitsa.

Chisankho cha pagombe pathu sichikhala cha mapepala. Akuluakulu ambiri sawerenga, ndipo anthu amati pepala likhoza kubedwa koma munthu woimirira sabedwa. Ndiye opikisanawo amaima kutsogolo atayang'ana kunyanja, aliyense wogwira ntchito pagombe n'kukaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Woyang'anira amafunsa katatu kuti, "Mwakhazikika?" Asanafunse kachitatu munthu ali ndi ufulu wosintha mzere. Akafunsa kachitatu amaliza wezulo, n'kuyamba kuwerenga mitu. Mwambo wofunsa katatuwu unaikidwa chifukwa cha okalamba ndi ochedwa, ndipo panalibe amene ankakumbukira munthu atasinthapo mzere anthu akuona.

Tsikulo kunacha bata, nyanja ili phee ngati mafuta. Usipa unagwidwa wambiri usiku wake, mathandala onse anali mbuu, fungo lake likusakanikirana ndi utsi wa amayi okazinga mandasi amene anabwera kudzagulitsa pa msonkhano. Mtengo wa usipa wauwisi unali wabwino ku Metangula m'mawa umenewo, ndipo a Mussa, atawerenga anthu awo n'kuona kuti akukwana ndi kutsala, anatumiza boti limodzi kumsika ndi anyamata asanu ndi anayi. Ndinaona agogo akuliyang'ana botilo mpaka linazimirira kuseri kwa miyala. Kenako anatsina fodya.

Woyang'anira anali bambo wina wa zausodzi wochokera ku Metangula, wa kope lakuda ndi wezulo m'khosi. Pa dezi ora, teni koloko m'mawa, dzuwa litakwera, anatiuza kuti tiime. Agogo anali oyamba kumbuyo kwa atate, ine wachiwiri, kenako atsibweni, azakhali, amayi, ndi ena oyandikana nawo nyumba. Ngakhale ine amene ndinasiyira kinta ndinkatha kuona ndi maso kuti mzere wa a Mussa ndi wautali, wa a Barnaba ukutsatira, wathu ndiwo waufupi. Koma mutu wanga unkandiuza kuti pali anthu amene akubwera.

"Mwakhazikika?"

Anthu anayankha kuti eya. A Mussa anatembenuka n'kukweza dzanja kwa atate ngati akupereka moni.

Bambo uja anadikira pang'ono, akuyang'ana kunjira ngati kuli wochedwa.

"Mwakhazikika kachiwiri?"

Pamenepo agogo anatuluka pamzere. Sanathamange. Anayenda monga ankayendera popita kumzikiti, manja kumbuyo, masilipasi akukoka mchenga, kudutsa pakati pa anthu kulunjika kwa a Barnaba. Gombe lonse linakhala chete, kunkangomveka ntchentche ndi mafuta a mandasi. Ndinawathamangira n'kuwagwira malaya.

"Agogo, mukupita kuti?"

"Tiye."

"Atate ali uku."

"Ndikudziwa kumene ali. Tiye, nthawi palibe."

Ndinawauza mawu amene mwana sauza munthu wamkulu, ndipo sindiwalemba pano. Anachotsa dzanja langa pamalaya, chala chimodzichimodzi, n'kupitirira. Nditatembenuka ndinaona amayi nawonso atuluka, atafunda kapulana, chitenje chawo, kumutu mpaka kumaso, akuyenda kumbuyo kwa apongozi awo patali ndithu monga mwa ulemu. Atsibweni anatsatira, azakhali, kenako ena. Palibe amene anauzidwa kale. Anangoona kumene mkulu wapita, n'kuwerenga okha mizere ija. Anachoka anthu khumi ndi awiri.

Atate anali atayang'ana kunyanja monga lamulo linkanenera, koma anamva mapazi. Sanatembenuke. Ndinaona khosi lawo lokha, mitsempha itaima. Ndinabwerera n'kukaima kumbuyo kwawo, pamalo pamene panali agogo, pafupi kwambiri mpaka ndinkamva fungo la sopo wa malaya awo oyera amene amayi anawasita dzulo lake.

A Mussa anali atatulutsa foni, akukalipira munthu wa m'boti kuti abwerere. Boti linali ku Metangula.

"Mwakhazikika kachitatu?"

Wezulo inalira. Bambo uja anayenda mzere ndi mzere akugwira phewa la munthu aliyense, akuwerenga m'Chipwitikizi mokweza. A Mussa anapeza makumi atatu ndi anayi. A Barnaba makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Kumbuyo kwa atate tinatsala asanu ndi awiri.

Anthu a kutchalitchi anayamba nthungululu. A Barnaba anatembenuka, n'kupeza agogo aima pamzere wawo. Anatambasula dzanja. Agogo analiyang'ana.

"Sindinabwere kudzakupatsani moni. Mathandala asasunthe."

Atate analunjika kunyumba. Sabata yathunthu sanadye chakudya cha amayi, ankakadya kwa mnzawo wina ku Nkholongue n'kubwera kudzagona. Ndi amayi anadzagwirizana m'kupita kwa nthawi, pakuti nyumba ndi imodzi. Koma ndi agogo sanakhalenso pa mphasa imodzi. Agogo akalowa pakhomo, atate ankakumbukira kuti khoka likufuna kusoka. Pa Idi ankawatumizira nyama kudzera mwa mlongo wanga.

Ine masana a tsiku la chisankho lomwelo ndinalowa m'nyumba ya agogo, ndinatenga makadi aja pansi pa pilo n'kukawaponya m'nyanja, kutali kumene mkono wanga unafika. Anadziwa kuti ndine. Sanandifunse, ndipo sanagule ena, ngakhale ku Metangula amagulitsa pa mtengo wa mkate.

Panapita miyezi iwiri tisanayankhulane. Tsiku lina tinapezeka pa thandala limodzi, tikutembenuza usipa ndi timitengo, iwo mbali iyo ine mbali ino, chifukwa amayi anali kuchipatala ndi mwana. Ntchito imeneyi siifuna kuyankhula, koma ine ndinalephera kupirira.

"Bwanji simunawauze atate kuti mudzachoka?"

"Ndinamuuza kuti atuluke. Anakana."

"Koma zoti mudzawasiya pamzere."

"Ndikanamuuza m'mawa, pofika masana nkhope yake ikanauza gombe lonse. Yakonso chimodzimodzi. Mussa akanasunga boti lija. Onjezera asanu ndi anayi pa anthu ake, uone."

Ndinaonjezera m'mutu, pang'onopang'ono. Zinakwana.

"Nanga a Barnaba akanatigulitsa nawonso?"

"Akanatha kutero. Sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kuti Mussa wagulitsa kale, ndipo mkazi wa Barnaba ali ndi mathandala asanu ndi limodzi. Munthu sudikira kuti udziwe zonse. Umaika njere pamene mwayi wachuluka, ndipo nthawi zina umadyedwabe. Akanatigulitsa, ndikanakhala chitsiru cha pa Chiwanga, koma kuwerenga kwanga kukanakhala komweko."

"Anthu akuti munachititsa manyazi mwana wanu."

"Akunena zoona."

Ndinkayembekezera kuti adziteteza, ndiye ndinasowa poyambira kukwiya. Tinatembenuza usipa mpaka kumapeto kwa thandala. Kenako anati, osandiyang'ana:

"Chisankho cha boma chija n'chabwino. Umalowa wekha m'kachipinda, makadi ali chafufumimba, palibe mwana wako amene akumva mapazi ako. Kuno timasewera makadi ali poyera. Ndinawerenga mapazi anga tsiku lija, kuchoka kwa Saidi kufika kwa Barnaba. Makumi awiri ndi atatu. Ndayendapo wapansi kuchoka kuno mpaka kumalire nthawi ya nkhondo, koma sikunatalike choncho."

A Barnaba sanakhale pulezidenti wabwino. Misonkhano yawo inkayamba m'mawa n'kutha anthu atathawa ndi njala, ndipo maukonde a chithandizo atabwera anayamba kugawira abale awo. Koma munthu wa ku Lichinga atabwera ndi mapepala ake, anamuuza kuti komiti yakana. Pensau ija inamangidwa kumtunda, kupitirira miyala, kumene kunalibe thandala la munthu.

Agogo anamwalira patapita zaka ziwiri, nthawi ya mvula, ndi chifuwa. Atate ndiwo anatsikira m'manda kukawagoneka, monga mwana woyamba amachitira, ndipo anachita zonse bwinobwino osaphonya kanthu. Pobwerera kumanda sanalire, sanatchule za chisankho, ndipo mpaka lero sanazitchulepo. Munthu akayamba nkhani imeneyo pagombe, iwo amanyamuka.

Ine tsopano ndavotapo m'zisankho za boma, m'chipinda cha sukulu yomwe ija ndinaithawa, ndipo chala chikada ndi inki ndimatuluka osauza munthu. Anzanga amadabwa, chifukwa pa zina zonse pakamwa panga sipatseka. Nthawi ya kampeni ndimayang'ana amene akusangalala kuti wakutiwakuti waima, ndi amene akumugulira mafuta a galimoto. Ndimafunsa kaye kuti ndani angathe kugwetsa amene ndikumuopa, ndisanafunse kuti ndani amandisangalatsa. Mtima sunasinthe, mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kumenyana ndi kondakitala wa shapa, minibasi ya ku Lichinga, chifukwa cha thumba la usipa limene analiponda. Koma kuwerenga ndinaphunzira.

Mathandala a amayi alipobe pamalo pomwe paja, ndipo awiri mwa iwo ndi anga tsopano. Mwana wanga amadya za pamenepo. Atate nawonso, akapha usipa wawo wochepawo, amayala pomwepo m'mawa uliwonse. Za tsiku lija ndaziganizira zaka zonsezi, ndipo yankho langa silikoma. Ndinaima pamzere wolakwika, ndikudziwa, ndipo atati andibwezere pamchenga paja ndingakaimenso pomwepo, kumbuyo kwa malaya oyera aja, kuti atate asatsale okha. Kwa nthawi yaitali ndinkayesa kuti kumeneko kunali kulimba mtima kwanga. Koma ine kuima pamenepo sikunandidyere kanthu. Ndinatsala ndi atate, ndinatsalanso ndi mathandala, chifukwa nkhalamba ina inali itayenda kale m'malo mwanga, n'kutaya mwana wake.